Thonje Pamalo Panu

Loweruka, 9 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tilipo, tadzuka. Ndikudziwa kuti mukangoona envelopu museka, n'kunena kuti Mzime wayamba liti kulemba makalata ngati kuti mafoni atha padziko. Sekani, palibe kanthu. Pafoni inu mumakhala muli pa liwiro, mwina mukuthamangira basi, mwina nkhalamba zimene mumasamalira kuntchito kwanuko zikukuitanani, ndipo kuno Abambo amakhala ali pambali panga khutu lili tcheru. Zimene ndikufuna kukuuzani sizingakwane m'timphindi totere. Ndayikamonso zithunzi, koma ndazikulunga dala m'pepala lina. Chonde muyambe mwawerenga musanazitsegule, ngakhale ndikudziwa kuti phuma lanu lija silinathe.

Za pakhomo ndi zomwe zija. Mpope wa kubafa ukudonthabe, ndipo pulambala tsiku lililonse akubwera mawa. Azakhali anatiyendera mwezi watha, anakhala masiku angapo akutiuza mmene tingakonzere nyumba yathu, kenako anapita osakhudza ngakhale tsache. Kusaluni zikuyenda, kungoti abwana anatisokera yunifolomu yatsopano yakuda bii, moti tikaima pakhomo kudikira makasitomala timaoneka ngati anamfedwa. Ndimavala yomweyo kuyambira m'mawa kuti ndisamavutike kusintha.

Thonje mumangomumva akuuwa pafoni, simunamuonepo ndi maso. Wakula, Achemwali. Si kagalu kaja kanatsatira Abambo kuchokera kogula buledi Amayi atangotisiya kumene. Ndi galu wathunthu tsopano, woyera mbee, makutu akugwa, mchira wopindikira kumsana. Abambo omwe aja ankati galu malo ake ndi panja lero sadya asanaone kuti mnzawo wadya. Patebulo amamutsitsira buledi mobisa, ndipo ndikawayang'ana onse awiri amayang'ana kudenga. Kukacha Thonje amanyamula silipasi imodzi ya Abambo n'kukaiika pachitseko, ndiye kuti nthawi yoyenda yakwana. Masana amagona pansi pa mpando wawo pakhonde, chibwano chili pa phazi lawo, akulota zake miyendo ikugwedera. Ndimamusambitsa ndi shampu ya kusaluni, amanunkhira kuposa makasitomala anga ena, koma akangouma amakagubuduzika pafumbi. Akada pang'ono Abambo amakwiya zenizeni, amati ndimusambitsenso tsiku lomwelo. Ine ndinkangoti ndi matama a nkhalamba ndi galu wake.

Mwezi wa Meyi Abambo ananditsitsitsa kamera yawo pamwamba pa wadiropu, ija ya lamba wachikopa imene sitinkaloledwa kuikhudza. M'chitini cha mabisiketi munali mafilimu ochepa otsala kuyambira nthawi imene anasiya ntchito. Anaipukuta tsiku lonse ndi kansalu, akuiuzira mpweya, akudina batani n'kumamvetsera kulira kwake pafupi ndi khutu. Nditamva kaphokoso kaja ndili kukhitchini ndinaima mbale ili m'manja, chifukwa ndinangodziona ndili kamwana, nsapato zondithina, inu mukundikonza kolala.

Mukukumbukira mmene ankagwirira ntchito pageti la paki? Tsiku lonse ankajambula anthu a eni: ophunzira atanyamula mabuku kuti makolo aone, anamwino otuluka kuntchito, zibwenzi zogwirana manja mwamanyazi, amayi ndi makanda awo olira. Filimu sinkatsukidwa isanathe, tsono madzulo makasitomala akatha koma m'kamera mukadali malo a zithunzi ziwiri kapena zitatu, ankatiitana pomwe tinkasewera n'kunena kuti zotsala ndi za ana. Ndiye tinkabwerera kunyumba wapansi, iwo akuyang'ana pabwino potiimika. Inu nthawi zonse kumanja, ine kumanzere, kuti chithunzithunzi chanu chisandiphimbe. Dzuwa sankaliyang'ana. Ankangotembenuka pang'onopang'ono mpaka atalimva likuwotcha kumbuyo kwa phewa, pamenepo n'kuima. Ndipo inu, mayi inu, munkaphethira ndendende pomwe akudina, mpaka dzina loti Kaphethi linakukanirirani. Theka la ubwana wathu mu alubamu muja mukuoneka ngati mukugona choimirira.

Ndikamakumbukira madzulo amenewo sindidziwa kuti zenizeni ndi ziti, zolota ndi ziti. Ndimaona fumbi lili lofiirira mumsewu, ndimamva fungo la jekete yawo, lija la mankhwala otsukira zithunzi losakanikirana ndi thukuta. Ndimakumbukira kuti tikafika pa mlatho wa oyenda pansi uja wodutsa pamwamba pa njanji, sitima ikamadutsa matabwa ankanjenjemera, inu n'kundigwira dzanja mwamphamvu n'kumanama kuti mukugwira kuti ineyo ndisaope. Nthawi zina ndinkagona panjira n'kudzidzimuka ndili paphewa pawo, kamera ikundigunda mwendo, Amayi akutsegula chitseko akufunsa kuti ana awa mwawayendetsanso kuti.

Tsono kuyambira mwezi wa Meyi womwewo takhala tikutuluka atatu m'mawa, ndisanapite kukatsegula saluni. Abambo amagwira chingwe cha Thonje, kamera ili m'khosi, ine pambuyo ndi chikwama. Timadutsa pa wogulitsa nyuzi, pa osoka nsapato, kenako msewu wa mitengo uja mpaka m'tauni. Akafika pamalo ena amaima, amatembenuka pang'onopang'ono kufuna dzuwa lawo, n'kumasula chingwe n'kumuuza Thonje kuti akhale apo. Galuyo amakhala chifuwa chili patsogolo, osagwedezeka, ngati analipira. Anthu amaima n'kumaseka. Mlonda wa ku laibulale amachita kumuchitira sailuti Thonje akamafika pa masitepe. Tsiku lina ndinawaseka Abambo kuti filimu yosowa chonchi akuithera pa galu.

"Uyu saphethira," anatero, diso lili pa kamera.

Filimu yoyamba itatha ndinapita nayo kwa mnzawo uja wa situdiyo ya kuseri kwa positi, amene tinkamutcha Amalume a Mdima chifukwa chokhalitsa m'chipinda chotsukira. Akadalipo, mutu wonse wayera, akujambula tizithunzi ta ziphaso. Anavomera kutsuka, anati mankhwala akadali nawo pang'ono. Tsiku lokatenga anandipatsa envelopu n'kundiyang'ana nthawi yaitali, kenako anangofunsa kuti mnzangayo akupeza bwanji masiku ano. Ndinati ali bwino, akudya, akuyenda. Iwo anangogwedeza mutu n'kubwerera kukauntala.

Ndinazitsegula nditakhala pa benchi pamalo odikirira basi. Poyamba ndinkangoseka, Thonje apa, Thonje apo. Kenako kuseka kunatha, chifukwa malowo ndinayamba kuwazindikira. Masitepe a laibulale. Khoma la positi, lomwe tsopano analipaka zotsatsa malonda. Dziwe la nsomba la m'paki lija, lomwe linauma kalekale, mwangodzaza masamba. Nditafika kunyumba ndinatulutsa alubamu n'kuziyala pabedi, chakale pamwamba, chatsopano pansi pake. Zinali zomwezo, Achemwali, malo omwewo, mbali yomweyo. Pa chithunzi chilichonse Thonje wakhala kumanja, pamalo panu penipeni, ndipo kumanzere kuli mbee, kopanda munthu. Zina zinali zopendekeka, china chinadula denga la positi pakati, chinthu chimene Abambo sakanalola kale. Ndinadziuza kuti ndi manja a ukalamba, amanjenjemera.

Ndinalira, chifukwa ndinaona mmene akukusowerani munthu amene pafoni amangoti zonse zili bwino, gwira ntchito mwanangu. Koma ndisaname, nsanje inandigwiranso. Inu muli kutali koma anakupezerani wokhala pamalo panu, pomwe ine amene ndimawaphikira ndi kuwachapira ndili pambuyo ndi chikwama ngati wantchito. Ndinachita manyazi kuchitira nsanje galu, koma mtima sunandimvere.

Ndiye m'mawa wina titafika pa mlatho uja ndinaganiza zowachita nthabwala. Iwo atamukhazika Thonje n'kuyika diso pa kamera, ndinatsitsa chikwama mwakachetechete, n'kuzungulira, n'kukaima kumanzere kwa galuyo, manja m'mbali, mapazi pamodzi, monga ankatiimikira. Ndinkadikira kuti aseke, kapena andikalipire kuti kolala yapindika. Kunali zii, kamphepo kokha kakuwomba, njanji zikunyezimira pansi pathu mpaka kutali. Anasuzumira nthawi yaitali ndithu, akupotoza galasi la kamera uku ndi uku. Ndinamwetulira mpaka masaya anawawa. Anadina, anatsitsa kamera, kenako anatembenuzira mutu kumbuyo kwawo, komwe kunali chikwama chokha.

"Mzime, nyamula chikwama tizipita, dzuwa lakwera."

Ndinali patsogolo pawo penipeni, Achemwali, m'yunifolomu yanga yakuda ija, pafupi moti akanatambasula ndodo akanandikhudza. Thonje anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana. Ndinazunguliranso mwakachetechete, ndinanyamula chikwama, n'kuyankha kuti ndanyamula, tiyeni. Chithunzi cha tsiku limenelo ndi chimene chili pansi pa zonse m'pepalamo. Muona Thonje ali bwinobwino, ndipo m'mphepete muli phewa langa ndi theka la nkhope yanga ikumwetulira.

Pobwerera ndinawayang'anitsitsa, ndipo zonse zimene ndinkaziona osaziona zinabwera pamodzi. Si iwo amene amamutsogolera Thonje, ndi Thonje amene amawatsogolera, amaima pa ngalande, amawakhotetsa pa njinga zoimikidwa. Anthu amawapatsa moni akayamba alankhula. Nyuzi amagulabe, koma amati ndiwawerengere chifukwa magalasi awaiwala kuchipinda. Tiyi akathira okha amasefukira m'sosala. Ine ndimakhala nawo nyumba imodzi, ndimapenya mitu ya anthu tsiku lonse mpaka kuona katsitsi kamodzi kolakwika, koma izi zinandidutsa.

Lamulungu lotsatira ndinawakhazika pakhonde kuti ndiwamete. Munthu ukamumeta sakuyang'ana kumaso, ndiye nkhani zovuta zimatuluka mosavuta, ndinaphunzira kusaluni. Ndinawauza kuti pa mlatho paja ndinaima pambali pa Thonje. Ndinapitiriza kumeta. Kenako anafunsa ngati ndinaima kumanzere, ndinati inde. Anati chabwino, sunaiwale. Patapita kanthawi anandifotokozera kuti zinayamba chaka chatha, m'mbali mwa maso, ndipo zikubwera pakati. Anati chithunzi chikamatsukidwa chimatuluka pang'onopang'ono m'madzi, koma chawo chikubwerera m'madzimo. Zakuda ndi zotuwa zinapita kale, nkhope za anthu ndi utsi chabe. Zimene zatsala ndi zowala, monga khoma la laimu, maluwa achikasu a pageti, ndi Thonje akakhala wosamba. Akasuzumira mu kamera amafunafuna kachinthu koyerako, akakapeza amadziwa kuti ali pamalo. Ndinamaliza kumeta misozi ikugwera pa thaulo, iwo n'kumandiuza kuti ndisawadule khutu.

Ndinawakokera kwa dokotala wa maso, ngakhale ankakana. Ndinapita ndili ndi chiyembekezo kuti ndi ng'ala, chifukwa ng'ala amachotsa. Dokotala anawaunika nthawi yaitali, kenako anati vuto lili kumbuyo kwa diso, komwe mpeni sungathandize. Anatipatsa mankhwala odontheza, anati amangochedwetsa, sabweza zimene zapita. Abambo atatuluka kukakhala pa benchi ndinamufunsa kuti zatsala nthawi yaitali bwanji. Anati sangalonjeze, koma ngati pali abale amene bamboyo angafune kuwaona, asadikire chaka chamawa. Tili pamalo okwerera basi Abambo anandigwira mkono.

"Mkulu wako usamuuze. Ali ndi ntchito, ali ndi ana. Angabwere mtima uli m'mwamba, n'kutaya zonse chifukwa cha maso a nkhalamba."

Ndinavomera, ndipo ndasunga mawuwo mpaka lero. Nthawi zonse mukaimba n'kufunsa kuti Abambo ali bwanji, ndimati ali bwino, akuyenda ndi galu wawo, ndipo si bodza. Koma sindingathenso. Akakwiya akwiyire ine, ndazolowera.

Chimene chandilembetsa ndi ichi. Filimu imene ili mu kamera tsopano ndi yomaliza. Amalume a Mdima afunsa kwa anzawo onse, akuti mtundu umenewu sukupezekanso. Sabata yatha tili pa dziwe louma lija Abambo anandiuza kuti ndiwerenge nambala ya pa kawindo ka pamwamba pa kamera, kaja kosonyeza zithunzi zimene zajambulidwa. Nditawauza anawerengera chamumtima n'kutseka galasi ndi chivindikiro chake. Kuyambira tsiku limenelo timatulukabe m'mawa monga kale. Amaima, amafuna dzuwa ndi phewa, amamukhazika Thonje, amasuzumira nthawi yaitali, koma sadina. Thonje amadikira kaphokoso kaja, akaona kuti sikakubwera amapendeketsa mutu n'kumawayang'ana. Nditawafunsa chifukwa chake anayankha akumanga chingwe.

"Zotsala ndi za ana."

Achemwali, munati mubwera chaka chamawa wamng'ono akamaliza sukulu. Ndikudziwa kuti ulendowu si wapafupi, ndikudziwa kuti tchuthi kuntchito kwanu amachita kupempha ngati chifundo, ndipo sindinakuonenipo ngati munatitaya. Zimene mumatumiza zimafika ndipo timathokoza. Koma ulendo uno sindikupempha katundu. Musawagulire magalasi, musawagulire kamera yatsopano, ndikukudziwani, mwayamba kale kuganiza zimenezo. Bwerani inuyo, chaka chino, mitambo isanayambe kuphimba dzuwa m'mawa. Ngakhale masiku ochepa okha akwana. Chipinda chathu chija chilipo, bedi lanu ndimangoyikapo zovala zosita, ndichotsa. Ndimalota kawirikawiri tikuyenda mumsewu wa mitengo uja tonse, inu mutakula monga mulilimu koma mutavala nsapato zanu za kusukulu, Abambo ali patsogolo akutembenuka pang'onopang'ono. Ndikadzuka ndimamva Thonje akukoka silipasi pakhonde, ndipo ndimayamba kuwerengera kuti kalata imatenga nthawi yaitali bwanji kuti ifike kwanuko.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti ndikuwabwereka mkazi wawo kwa kanthawi kochepa, ndidzawabwezera wathunthu. Ana muwapsompsone, muwauze kuti mayi awo aang'ono akuwasowa, ndipo wamkuluyo asiye kudzimeta yekha, ndinaona pa chithunzi. Azakhali akupereka moni. Amalume a Mdima akuti mankhwala otsukira awasungira filimu imodzi, sawagwiritsa ntchito pa china chilichonse.

Ndikulemba ndili pakhonde, dzuwa likupendeka. Abambo ali pa mpando wawo, Thonje wagona pa phazi lawo. Amva cholembera chikukanda pepala nthawi yonseyi, ndipo posachedwapa afunsa kuti ndikulembera ndani zambiri chonchi. Ndawauza kuti inu. Apitiriza kusisita khutu la galu, ndipo sanafunse zimene ndalemba. Kenako anena kuti ndikupatseni moni, ndikuuzeni kuti ali bwino, akudya, akuyenda. Ndimati amaliza, koma awonjezera, ndipo ndikulemba monga anenera:

"Umuuze kuti sindikumuitana ayi. Koma ngati angadzabwere tsiku lina, adzavale choyera kapena chachikasu. Nawenso, Mzime, usadzavale zakuda zija."

Ndine mng'ono wanu wokukondani ndi wokudikirani,

Mzime